Zolemba za ntchito: thumba lothandiza makhitchini akuluakulu kuchulukitsa zakudya zochokera ku zomera

Sabata 1

Zolemba izi ndi za komiti yoyendetsa thumba lomwe mabungwe opereka thandizo asonkhamo ndalama kuti m'mbale za anthu muchuluke nyemba, mphodza, nandolo, soya, mtedza, masamba ndi mbewu zosakonola, nyama ichepe. Mawu oti ichepe tawasankha dala. Thumbali silikulalikira kuti anthu asiyiretu nyama, ndipo pempho lililonse lobwera ndi uthenga umenewo tizilibweza.

Muyezo wa kadyedwe womwe tagwirizana kutsata ndi wa EAT-Lancet wa mu 2019, womwe unalembedwa ndi akatswiri 37 a m'maiko 16. Kwa munthu wamkulu wodya makalori 2,500 pa tsiku, muyezowu umati nyama yofiira, ya ng'ombe, nkhosa kapena nkhumba, ikhale magalamu 14 pa tsiku, kutanthauza kachidutswa kamodzi ka magalamu pafupifupi 100 pa sabata. Nkhuku magalamu 29, nsomba 28, mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku mkaka 250. Mbali inayo: za m'gulu la nyemba magalamu 75, mtedza wamitundumitundu 50, masamba 300, zipatso 200. Chifukwa chochepetsera nyama n'chodziwika. Kafukufuku wa Joseph Poore ndi Thomas Nemecek wa mu 2018, yemwe anaunika mafamu pafupifupi 38,700 m'maiko 119, anapeza kuti ziweto ndi chakudya chake zimatenga 83 peresenti ya malo olima ndi odyetsera padziko lonse, koma zimapereka 18 peresenti yokha ya makalori ndi 37 peresenti ya mapuloteni omwe anthu amadya. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, FAO, mu 2013 linati ziweto zimatulutsa 14.5 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko wochokera ku zochita za anthu.

Nkhani yomwe yatenga nthawi pa mkumano woyamba ndi kuchepa kwa ndalama. ClimateWorks Foundation, bungwe lothandiza ntchito za nyengo, yakhala ikuwerengera kuti ndalama za chifundo zopita ku ntchito yochepetsa kutentha kwa dziko sizifika 2 peresenti ya zonse zomwe opereka thandizo amapereka, ndipo za chakudya ndi kachigawo chabe ka zimenezo. Pamene maboma, malinga ndi lipoti la mu 2021 la mabungwe a United Nations a FAO, UNDP ndi UNEP, amathira madola mabiliyoni pafupifupi 540 chaka chilichonse pothandiza ulimi, 87 peresenti yake m'njira zosokoneza mitengo kapena zowononga chilengedwe ndi thanzi, ndipo ng'ombe, mkaka ndi mpunga zili m'gulu lolandira zambiri. Kugula chakudya n'kumagawa ndi ndalama za thumba ngati lino n'kutunga madzi ndi dengu. Tagamula kuti ndalama zipite pamene munthu mmodzi akasaina pepala mbale masauzande zimasintha: makhitchini a sukulu, zipatala, mayunivesite ndi malo odyera a ogwira ntchito.

Sabata 3

Malire a ntchito. Kafukufuku wa Kalle Hirvonen ndi anzake wa mu 2020 anawerengera kuti chakudya cha muyezo wa EAT-Lancet chimafuna madola pafupifupi 2.84 pa munthu pa tsiku, ndipo anthu osachepera mabiliyoni 1.58 sapeza ndalama zofika pamenepo ngakhale atati zonse zipite ku chakudya. Kumene ana akupinimbira, dzira limodzi kapena kapu ya mkaka ndi mankhwala. Choncho gawo lochepetsa nyama ligwira ntchito kokha kumene anthu akudya nyama yopitirira muyezo. Kwina konse, ngati thumba lilowako, lilowa ndi ntchito ya mbewu, kusunga ndi misika ya za m'gulu la nyemba, osati ndi uthenga woti chepetsani.

Sabata 5

Tayamba kutolera manambala oyambira, oonetsa zomwe khitchini iliyonse imagula ntchitoyi isanayambe. Lamulo ndi limodzi: timawerenga makilogalamu omwe khitchini yagula, osati mbale zomwe zalembedwa pa mndandanda wa zakudya, osatinso zomwe odya ayankha pa mafunso. Munthu akafunsidwa amati wachepetsa nyama, koma lisiti silinama. Njirayi ndi yomwe Coolfood Pledge, ndondomeko ya bungwe la World Resources Institute yomwe makhitchini akuluakulu amalowamo, imatsata, ndipo cholinga chawo chochepetsa mpweya wotenthetsa dziko wochokera ku chakudya ndi 25 peresenti pofika 2030 tachitenga kukhala chathunso, kuti zotsatira zidzayerekezeke.

Khitchini iliyonse ikupereka malisiti a miyezi 12 yathunthu. Miyezi itatu sikwanira, chifukwa nthawi ya tchuthi ndi nyengo yozizira zimapotoza chithunzi. Zomwe zikuvuta ndi izi. Malisiti ambiri amalemba makatoni kapena mapaketi popanda kulemera, ndiye pamafunika kubwerera kwa wogulitsa kukafunsa kuti katoni imodzi ndi makilogalamu angati. Nyama ya mafupa ndi yopanda mafupa zimalembedwa mu mzere umodzi, pamene ziyenera kusinthidwa kukhala kulemera kwa nyama yokhayokha. Choipa kwambiri ndi zakudya zobwera zokonzakonza, monga masoseji, mapayi ndi msuzi wa m'zitini: munthu wolowetsa manambala akathamanga amaika kulemera konse kwa payi ngati nyama, kapenanso kuiwala kuti muli nyama. Zimenezi zikufunika kuwerenga chikalata cha zosakaniza chimodzichimodzi.

Zotsatira tizizilemba pawiri: mpweya wonse wa khitchini, komanso mpweya pa makalori 1,000 alionse. Popanda nambala yachiwiriyi, khitchini yomwe odya ake angochepa imaoneka ngati yachita bwino, ndipo yomwe yatsegula holo yatsopano imaoneka ngati yalephera.

Sabata 8

Mndandanda wa zakudya. Apa umboni ulipo ndipo ndi wolimba kuposa wa zikwangwani ndi timapepala tophunzitsa. Emma Garnett ndi anzake mu 2019 anaunika mbale zoposa 94,000 m'malo odyera atatu a University of Cambridge. Mbale zopanda nyama zitachoka pa imodzi mwa zinayi kufika pa ziwiri mwa zinayi, kugulidwa kwake kunakwera ndi pakati pa 41 ndi 79 peresenti, popanda wouza aliyense kanthu, ndipo omwe anasintha kwambiri ndi amene kale sankakonda kusankha zopanda nyama. Zipatala 11 za NYC Health + Hospitals ku New York zinapita patsogolo mu 2022: wodwala amayamba wauzidwa mbale ya tsikulo yomwe wophika wamkulu wasankha, yopanda nyama, akakana amauzidwa ina yopanda nyamanso, akakananso ndiye amapatsidwa ya nyama. Nyama ikadalipo, kungoti uyenera kuipempha. Oyendetsa zipatalazo analengeza kuti mpweya wochokera ku chakudya unatsika ndi 36 peresenti m'chaka choyamba ndipo mbale iliyonse inatsika mtengo ndi masenti 59.

Makhitchini olandira thandizo apemphedwa zinthu zitatu: theka la mbale zazikulu za tsiku likhale la zomera, mbale ya zomera ikhale yoyamba pa mzere wotengera chakudya komanso pamwamba pa mndandanda, ndipo isaikidwe m'kabokosi kakekake pansi pa pepala ngati chakudya cha odwala. Dzina nalonso ndi nkhani. Mawu onena chomwe chasowa m'mbale, monga akuti yopanda nyama kapena yochepa mafuta, amathamangitsa anthu. Kampani ya malo odyera ya ku United States yotchedwa Panera itasintha dzina la supu yake ya nyemba zakuda, kuchotsa mawu onena za kuchepa kwa mafuta ndi kusowa kwa nyama n'kuikapo dzina la Cuba, malonda ake anakwera ndi 13 peresenti. Supu yomweyo, mphika womwewo. Ophika tawapempha kuti dzina linene kakomedwe, kaphikidwe kapena komwe chakudyacho chinachokera.

Sabata 11

Sabata ino yonse yathera pa nyemba, ndipo tilemba mwatsatanetsatane chifukwa ntchito ngati ino imafera pamenepa, osati pa mikumano.

Masamu ake ndi awa. Mbale 500, magalamu 60 a nyemba zouma pa mbale, ndi makilogalamu 30. Zikapsa zimalemera kawiri kapena kawiri ndi theka, ndiye kuti makilogalamu 60 mpaka 75. Kunyika kumafuna malita atatu a madzi pa kilogalamu, malita 90, m'ziwiya zotha kulandira malita pafupifupi 150 popeza nyemba zimafufuma. Makhitchini ambiri akuluakulu anamangidwa kuti azitenthetsa zakudya zobwera zowumitsidwa mufiriji. Ali ndi mauvuni okwanira, koma alibe miphika yaikulu, alibe malo m'chipinda chozizira oikamo ziwiya zonyikira usiku wonse, ndipo palibe wantchito amene ndandanda yake imafika madzulo kuti anyike. Khitchini ina inanyika nyemba pamalo otentha usiku wonse, m'mawa zinapezeka zachita thovu ndi fungo lowawasa, zonse zinatayidwa. Kunyika kuzichitikira m'chipinda chozizira, maola 8 mpaka 12, madzi onyikirawo atayidwe.

Kwina nyemba zinakana kupsa ngakhale zinakhala pamoto maola ambiri. Zifukwa zimakhala zitatu. Nyemba zosungidwa nthawi yaitali pamalo otentha ndi achinyezi zimalimba mkati mwakuti sizifewanso, ndipo wogulitsa amene wapambana ndi mtengo wotsika kwambiri kawirikawiri amakhala akutsitsa katundu wakale. Chachiwiri ndi madzi okhala ndi laimu wambiri. Chachitatu ndi matimati: ophika ozolowera nyama amayamba ndi kukazinga anyezi ndi matimati n'kuthiramo nyemba zosapsa, osadziwa kuti zowawasa zimalimbitsa khungu la nyemba. Matimati, mandimu ndi viniga zilowe nyemba zitafewa kale. Mchere alibe mlandu, ngakhale ambiri amaunamizira, ndipo kuthira pang'ono m'madzi onyikira kumathandiza. Soda pang'ono amafewetsa pamene madzi ali ndi laimu wambiri, koma akachuluka nyemba zimaphwetekera, zimamveka sopo, ndipo vitamini B1 amawonongeka. M'mapangano ogulira tawonjezera mzere woti wogulitsa alembe chaka chokolola, ndipo thumba lililonse latsopano la nyemba liyesedwe pophika theka la kilogalamu lisanalandiridwe.

Za chitetezo palibe kunyengerera. Nyemba zofiira zili ndi poizoni wotchedwa phytohaemagglutinin, ndipo zinayi kapena zisanu zosapsa zimakwanira kusanzitsa ndi kutsegula m'mimba pasanathe maola atatu. Poizoniyu amafa ndi kuwira kwenikweni, kobwata, kwa mphindi zosachepera 10, ndipo ife tikuti 30 chifukwa mumphika waukulu pakati pamachedwa kufika pa madigiri 100. Kuphika pa moto wochepa tsiku lonse osawiritsa sikumupha. Vuto lina limabwera zikapsa. Makilogalamu 70 a nyemba osiyidwa mumphika wakuya amasunga kutentha kwa maola ambiri, ndipo tizilombo todwalitsa m'mimba ta Clostridium perfringens timaswana bwino m'kafundidwe kameneko. Zosadyedwa nthawi yomweyo zigawidwe m'mathireyi osapitirira masentimita 5 kuya, zitsike kufika madigiri 21 m'maola awiri, kenaka madigiri 5 m'maola anayi otsatira, ndipo wina alembe nthawi ndi kutentha pa pepala. Ana akadwala kamodzi kokha ndi mbale yatsopano, makolo sadzafunanso kumva za ntchitoyi, ndipo adzakhala akulondola.

Komiti yasintha bajeti chifukwa cha zimenezi. Ndalama zomwe zinali za zikwangwani zapita ku miphika yophika ndi nthunzi, masikelo, zoyezera kutentha, mathireyi ndi malipiro a masiku ophunzira ophika. Makhitchini opanda malo onyikira ayambe ndi mphodza zofiira zong'alula, zomwe sizifuna kunyika ndipo zimapsa m'mphindi 15 mpaka 20, kapena nyemba za m'zitini, zotsukidwa kuti mchere uchepe. Za m'zitini n'zodula koma zimapulumutsa chaka choyamba.

Sabata 12

Malisiti a khitchini ina aonetsa nkhuku yatsika, tchizi wakwera. Ophika atauzidwa kuti achotse nyama anathamangira ku pasta wothira tchizi, chifukwa ndi mbale yomwe amadziwa kuti sibwerera. Manambala a Poore ndi Nemecek pa magalamu 100 alionse a mapuloteni ali motere: ng'ombe ya nyama makilogalamu pafupifupi 50 a mpweya wotenthetsa dziko, nkhosa 20, tchizi 11, nkhumba 7.6, nkhuku 5.7, mazira 4.2, tofu (wopangidwa kuchokera ku soya) 2, nsawawa 0.4. Kuchotsa nkhuku n'kuika tchizi ndi kubwerera m'mbuyo. Vuto ndi lathu, malangizo athu ankati zopanda nyama m'malo moti zochokera ku zomera. Takonza, ndipo taika malire a magalamu 20 a tchizi pa mbale yowerengedwa ngati ya zomera.

Kusintha ng'ombe ndi nkhuku kwadzetsa mkangano m'komiti. Oyang'ana za nyengo akuti n'kupambana, ndipo pa mpweya n'zoona. Oyang'ana za kasamalidwe ka ziweto akukumbutsa kuti nyama ya ng'ombe imodzi ikufanana ndi ya nkhuku zoposa 100, zambiri zoleredwa mothithikana. Tagwirizana kuti kilogalamu ya ng'ombe yochotsedwa iwerengedwe ngati phindu la thumba pokhapokha ngati nkhuku sinakwere.

Sabata 16

Akatswiri a kadyedwe aunika maphikidwe onse. Nyemba zophika zili ndi magalamu 8 kapena 9 a mapuloteni pa magalamu 100, nyama yophika pafupifupi 26. Kuti mbale ifike magalamu 20 ndi nyemba zokha pamafunika magalamu oposa 220, mulu womwe mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kapena wodwala wopanda chilakolako sangamalize. Yankho n'kuphatikiza: nyemba magalamu 120, mbewu zosakonola, ndi supuni ya mtedza wosinja kapena nthangala, kapenanso soya wouma wa tizidutswa, yemwe theka la kulemera kwake ndi mapuloteni ndipo amamwa madzi owirikiza kawiri kulemera kwake. Soyayu akangoviikidwa m'madzi wamba amamveka ngati siponji, aviikidwe mu msuzi wokoleretsa kenaka akazingidwe. Mtedza ndi soya zili m'gulu la zakudya zomwe anthu ena matupi awo amadana nazo koopsa, choncho zilembedwe poonekera, ndipo sukulu zomwe zinaletsa mtedza zigwiritse ntchito nthangala za mpendadzuwa.

Ayironi wa m'zomera thupi limamutenga movutikira, koma vitamini C wa m'chakudya chomwecho amathandiza, pamene tiyi womwera pamodzi amatsekereza. Vitamini B12 m'zomera mulibe. Kwa wophunzira wodya kamodzi pa tsiku kusukulu si nkhani, koma m'nyumba zosungira okalamba ndi malo ena omwe munthu amadya zakudya zake zonse pamalo amodzi, mazira, mkaka kapena zakudya zowonjezeredwa B12 zisachoke. Odwala impso, omwe amayezeredwa potaziyamu, ndi odwala osowa zakudya m'thupi ali kunja kwa ntchitoyi, pa iwo mawu omaliza ndi a dokotala.

Njira yomwe yalandiridwa popanda dandaulo ndi yosakaniza: mu nyama yogaya, magawo atatu mwa khumi alowedwe m'malo ndi mphodza zabulauni kapena bowa wodula tinthuting'ono wokazinga mpaka madzi ataphwa. Bowa akapanda kukazingidwa kaye amatulutsa madzi ndipo nyamayo sigwirana. Nyama yokonzedwa kufakitale, monga masoseji ndi bekoni, ndiyo yoyamba kuchoka m'zipatala, popeza bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization, mu 2015 linaiika m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa.

Sabata 19

Tagwira njakata pa mapangano. Makhitchini ambiri sayendetsedwa ndi eni sukulu kapena chipatala, koma ndi makampani ophika omwe ali pa mgwirizano wa zaka zitatu kapena zisanu. M'migwirizano yakale mumapezeka mizere yonena kuti nyama iperekedwe kangati pa sabata ndi magalamu angati, ndipo makampaniwo amalandira kuchotsera kuchokera kwa ogulitsa akagula katundu wambiri wa mtundu womwewo. Wophika wamkulu angafune kusintha, koma pepala limamumanga manja. Nthawi yokhayo yolowererapo ndi miyezi 12 mpaka 18 mgwirizano usanathe, pamene zofunika za mgwirizano watsopano zikulembedwa. Tayamba kaundula wa masiku othera migwirizano, ndipo thandizo la chaka chimodzi talithetsa: lizikhala la zaka zitatu, apo ayi limatha pepala latsopano lisanasainidwe.

Pa malamulo a boma pali zitsanzo zitatu zophunzirapo. Portugal mu 2017 inalamula kuti malo odyera a boma azikhala ndi mbale yopanda chilichonse chochokera ku ziweto. France, ndi lamulo la EGalim la mu 2018, inayamba kuyesa mbale imodzi yopanda nyama pa sabata m'sukulu kuyambira 2019, ndipo mu 2021 inakhazikitsa zimenezi. Denmark inachita zosiyana: inapatula makrone (ndalama za dzikolo) mamiliyoni 675 m'thumba la zakudya zochokera ku zomera mpaka 2030, ndipo mu October 2023 inatulutsa ndondomeko ya dziko lonse yomwe ikuphatikizapo kuphunzitsa ophika ndi kuthandiza alimi. Ya Denmark ndi yomwe tikuiona yolimba, chifukwa lamulo lopanda ophika odziwa limabala mbale yomwe ili pa mndandanda koma palibe woitenga. Chenjezo la a zamalamulo: mabungwe a chifundo a mabanja a ku United States saloledwa kupatula ndalama zokopera aphungu pa bilu inayake, choncho ndalama zawo m'thumba lino zisungidwe padera, zipite ku kafukufuku ndi maphunziro.

Sabata 21

Mapempho a makampani opanga nyama yochokera ku zomera tawakana onse. Kumeneko kuli ndalama kale. Bezos Earth Fund, thumba la za chilengedwe la Jeff Bezos, inalonjeza madola mamiliyoni 100 pa kafukufuku wa mapuloteni atsopano, ndi malo ofufuzira ku North Carolina State University, Imperial College London ndi National University of Singapore. Komanso m'masitolo a ku United States nyama yotereyi ikadali pafupifupi 1 peresenti ya ndalama zogulira nyama, ndipo ndi yodula kuposa yomwe ikufuna kulowa m'malo mwake. Pempho lomwe tapitiriza kuunika ndi la gulu la alimi lofuna makina opetera, osankhira ndi ong'alulira mphodza ndi nsawawa, pamodzi ndi pangano logula la zaka zitatu ndi makhitchini. Mlimi sadzala chomwe alibe wogula, ndipo khitchini sigula mbewu yobwera ndi timiyala.

Sabata 24

Tayamba kuyeza zotsala, chifukwa lisiti limanena zomwe zalowa, osati zomwe zadyedwa. Njira yake: ndowa zitatu zolembedwa, ya zotsala pokonza, ya zophikidwa koma zosagawidwa, ndi ya zobwerera m'mbale, kuyeza pa sikelo chakudya chilichonse chikatha kwa masiku 10 otsatizana, ndi kugawa ndi chiwerengero cha odya. Ndowa yachiwiri ikadzaza, vuto ndi kuwerengera kwa khitchini, aphike zochepa. Yachitatu ikadzaza, vuto ndi kakomedwe kapena kukula kwa mbale. Mbale yatsopano isachotsedwe itangobwerera kamodzi, ana amafunika kuona ndi kulawa chakudya chachilendo kangapo asanachivomere, choncho iperekedwe kosachepera kasanu ndi katatu tisanaiweruze. Nyemba zilowenso pang'onopang'ono, kawiri pa sabata poyamba, chifukwa mimba yosazolowera imadzaza mpweya ndipo dandaulo limenelo, ngakhale anthu amalinena moseka, limathamangitsa odya.

Zomwe zatsala pa mwezi ukubwerawu: makhitchini awiri sanatumize malisiti a zakudya zokonzakonza, ndiye manambala awo oyambira sanatsekedwe ndipo gawo lachiwiri la ndalama zawo laimitsidwa. Masikelo a ndowa akufunika ena chifukwa omwe anagulidwa amalekera pa makilogalamu 15. Funso la momwe tingadziwire ngati wodya nyemba masana sakubwezera ndi nyama yambiri madzulo kunyumba laperekedwa kwa gulu la kafukufuku, ndipo libweretsa njira yoyezera ndi mtengo wake pa mkumano wa sabata 28.